Khoma la Mabuloko a Ludzu

Pakhomo pa a Levulo pepala silinkakhalitsa patebulo. Likafika, kaya ndi kalata ya kusukulu kaya ndi malangizo a kamwedwe ka mankhwala, iwo ankayang'ana mzere woyamba, n'kugwedeza mutu, n'kulipinda kanayi, basi lawerengedwa. Akazi awo ankati bambowa amawerenga ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo, nsonga ya lilime yokha. Koma akanawadzudzula ndani? Anali mmisiri womanga nyumba wa zaka makumi atatu pantchito, ndipo dzina la Levulo analipata chifukwa diso lawo linkaona kupendekeka kwa khoma levulo yeniyeniyo isanatuluke m'chikwama. Ankanena okha, popanda manyazi, kuti khoma lawo silinang'ambikepo. Chovuta chake n'chakuti zinali zoona.

Mwana wawo womaliza anali wamkazi, ndipo pakhomopo ankamutcha Kapensulo, chifukwa ali wamng'ono ankapachika pensulo kukhutu potsanzira bambo ake. Atakula anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, n'kupeza malo mu ofesi ya injiniya wina. Malowo sanali ake ndithu ayi, anali omuyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Injiniyayo anali munthu wosakweza mawu, wa magalasi okhuthala. Tsiku lina anamuikira fayilo patebulo.

"Iyi ndi holo ya sukulu ya mkaka," anatero. "Makoma anayi, mazenera asanu ndi atatu, denga la malata. Ujambule wekha, ulembe wekha zomangira zake, uyang'anirenso wekha. Ikatha bwino, mpando wakhalapowo ndi wako. Ikavuta, usadzandifunse chifukwa."

Pamene mwini sukulu anafunsa ngati akudziwa mmisiri wodalirika, Kapensulo sanaganize kawiri. Anatchula bambo ake, ndipo anawatchula monyadira.

Loweruka masana anabwera kunyumba ndi mapepala awiri. Lalikulu linali pulani, losonyeza maonekedwe a nyumbayo. Laling'ono linali la malangizo, lonena mtundu wa mabuloko ofunika ndi kasamalidwe kake. A Levulo anayala pulaniyo patebulo, n'kuitsata ndi chala kuchokera pangodya mpaka pangodya, nkhope ili ngwee. Mwana wawo weniweni, kujambula nyumba yoti iwo amange!

"Bambo, holoyi si ya njerwa zootcha zimene munazolowera zija ayi," anatero Kapensulo. "Ndi ya mabuloko a simenti, aja a mabowo awiri. Ndalemba zonse papepala ili, mizere isanu ndi iwiri yokha. Ndikuwerengereni?"

"Werengani, abwana," anatero bambowo moseka, akutsinzinira akazi awo diso.

"Woyamba, buloko lililonse likhale masentimita makumi anayi m'litali, makumi awiri m'mwamba, kuwerengera ndi matope omwe. Wachiwiri, likhale lolimba kufika pa nambala ndalemba apayi akalipanikiza pamakina. Wachitatu, likhale loti lagona masabata anayi chiliumbireni. Wachinayi..."

"Basi, basi, mama. Zimenezo ndikuzidziwa. Buloko ndi njerwa yonenepa chabe. Ine matope ndinayamba kugwira mayi akowa asanandidziwe n'komwe."

"Koma bambo, pali mzere wina umene..."

"Ndati ndikuzidziwa. Ubwere nalo kuno."

Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Kapensulo anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana kudenga. Mwanayo anaganiza kuti bambo awerenga okha akakhala phee. Uku kunali kulakwa kwake, ndipo sindimuikira kumbuyo, ngakhale ndikudziwa kuti kuwerengetsa bambo wako pepala ngati mwana wa sukulu si ntchito yamasewera.

Mzere wachisanu ndi chimodzi unkati: Mabuloko asanyowetsedwe. Aunjikidwe pamatabwa, afunditsidwe pulasitiki, ndipo amangidwe ali ouma.

Apa ndiyenera kukufotokozerani, inu amene simunagwirepo matope. Njerwa yootcha imakhala ndi ludzu loopsa. Ukaiika pamatope ili youma, imayamwa madzi onse a m'matopemo simenti isanagwire, ndipo khoma limatuluka lofumbutuka. N'chifukwa chake mmisiri aliyense wa njerwa zootcha amayamba wazimwetsa madzi. A Levulo lamulo limeneli linali m'magazi mwawo. Koma buloko la simenti lili ndi khalidwe lina. Likamwa madzi limafufuma pang'ono, pang'ono kwambiri moti diso silingaone, ndipo likamauma limabwerera m'thupi mwake. Ukalimanga lili lofufuma, lidzabwerera lili kale m'khoma, litagwirana ndi anzake kumanja ndi kumanzere. Zikatero chinachake chiyenera kulekana basi.

Ndiye taonani mmene chikondi chimapwetekera. Poti nyumbayi inali ya mwana wawo, a Levulo anatsimikiza kuti aisamala kuposa nyumba zonse anamangapo. Ankafika pasayiti, pamalo omangapo holoyo, kusanache bwino, antchito awo asanabwere. Ankavundukula pulasitiki amene woumba mabuloko anafunditsa, akung'ung'udza kuti anthu a masiku ano amafunditsa miyala ngati odwala malungo. Kenako ankalumikiza payipi kumpopi n'kuthirira mulu wonse mpaka madzi kuyenderera. Kuthirira kokha sikunawakwanire. Anabweretsa migolo iwiri, n'kumaviika mabulokowo limodzilimodzi mpaka thovu litasiya kutuluka. Kwa eni nyumba ena sankachita zimenezi, kunali kungowaza basi.

Kapensulo ankafika dzuwa lili paliwombo, atamaliza za ku ofesi. Nthawi imeneyo payipi inali itakulungidwa kale, ndipo kunja kwa mabuloko kunali kutayera mbuu ndi dzuwa, madzi atabisala m'kati. Iye ankayeza ndi tepi, n'kupeza masentimita ake ali ndendende. Ankawerenga tsiku loumbira limene linalembedwa ndi penti pamulu uliwonse, n'kupeza masabata anayi akwana. Ankaika levulo pakhoma, kathovu kake n'kukhala pakati penipeni ngati kamatidwa. Migolo ija anaiona, koma pasayiti iliyonse pamakhala migolo ya madzi okandira matope.

"Zili bwanji, abwana?" ankafunsa bambowo ali pamwamba pa makwerero.

"Zili bwino kwambiri, bambo."

"Nanga ukanayembekezera chiyani?"

Makoma atatu anakwera chonchi. Atangoyamba lachinayi, loyang'ana kumsewu, madzi anasiya kutuluka m'mipopi dera lonselo. Anatha masiku asanu ndi limodzi. Antchito ankakatunga kutali ndi zigubu pawilibala, ndipo amene ankafika nawo ankangokwanira kukandira matope. Mwini sukulu ankafuna holo yake teremu isanayambe, kudikira kunalibe. A Levulo anamanga khoma limenelo ndi mabuloko ouma gwaa, mtima ukuwawa, akutukwana mpopi tsiku lonse.

"Khoma ili ndi limene lidzandichititse manyazi," anauza antchito awo. "Mudzandikumbutse. Ndamanga ndi mabuloko a ludzu, ine, pa ukalamba wanga uno."

Denga linakhomedwa, pulasitala anapakidwa, penti yachikasu inawala. Mwini sukulu, mayi wojintcha wolankhula mofulumira, anavina pakhomo la holoyo tsiku lolandira makiyi. Ana analowa ndi timipando tawo. Kenako kunatentha masabata asanu ndi awiri osalekeza.

Woyamba kuona anali mphunzitsi, atapeza ana atatu ataunjikana pansi pa zenera, akulowetsa kachitsotso ka tsache m'khoma. Unali mng'alu woonda ngati tsitsi, wochokera pangodya ya zenera kutsika pansi mokhotakhota ngati masitepe. Sabata yotsatira ming'aluyo inali inayi. Sabata inayo makolo anayamba kufunsana pageti ngati nyumbayo siigwera ana awo, ndipo awiri anawachotsa ana awo osatsanzika.

Injiniya anapita kukaona. Anayenda mozungulira holoyo manja ali kumbuyo, n'kumayandikitsa magalasi ake pakhoma.

"Nyumbayi siigwa," anauza Kapensulo ali m'galimoto. "Koma ming'alu simabwera popanda woiitana. Kaya ndi pansi, kaya ndi mabuloko, kaya ndi pepala lako, kaya ndi manja a womanga. Upeze."

Kapensulo anali ndi mantha, inde, koma chimene chinamugwira kwambiri chinali chidwi. Anakumbitsa m'mbali mwa maziko malo atatu, n'kupeza konkire ili bwinobwino, yopanda ngakhale kamzere. Ndiye kuti nthaka sinatitimire. Anatenga mabuloko asanu otsala n'kupita nawo kumene kuli makina opanikiza. Anaimirira pomwepo akuyang'ana muvi wa makinawo ukukwera, ukukwera, kudutsa nambala imene iye analemba, buloko n'kudzaphulika patsogolo pake. Onse asanu anatero. Anapita kwa mayi woumba mabulokowo, amene anamuonetsa mchenga wake, chikombole chake, ndi mthunzi umene amagonekamo mabuloko, n'kumuuza kuti akapeza cholakwa pamenepo amutche dzina lina. Anapala matope a pakati pa mabuloko ndi msomali, n'kupeza ali monga analembera, osalimba kwambiri, osafewa.

Ndiye anatenga pensulo n'kujambula makoma anayiwo papepala, n'kuikapo mng'alu uliwonse pamalo pake. Khoma la kuseri, isanu. La kumanja, itatu. La kumanzere, inayi. La kumsewu, ziii, ngakhale umodzi. Mabuloko omwewo, mchenga womwewo, mmisiri yemweyo, ndipo khoma la kumsewulo ndi limene dzuwa linkaliwomba kwambiri. Anayang'ana pepalalo masiku atatu, mutu kuzungulira.

M'mawa wa tsiku lachinayi analiika patebulo pamene bambo ake ankamwa tiyi. Nawonso nkhaniyi inali itawadya. Anali ataonda m'masaya, ndipo kwa mwini sukulu anali atanena kale kuti vuto ndi mabuloko amene a ku ofesi anasankha, poti manja awo anali asanang'ambitsepo khoma.

"Bambo, tandithandizani kuganiza. Khoma la kumsewuli lasiyana chiyani ndi anzake?"

A Levulo anaika kapu pansi n'kukokera pepalalo pafupi. Nawonso chidwi chinawagwira.

"Iiii, limenelitu likundizunguza mutu ine. Ndimati likhala loyamba kung'ambika ndi limeneli. Pajatu ndinalimanga sabata imene madzi anasowa ija. Mabuloko ake sanalawe ngakhale dontho. Anzakewa ndinawamwetsa bwinobwino, m'migolo, limodzilimodzi, mpaka thovu kutha. Ndiye taona zodabwitsa, osamalidwa ang'ambika, wamasiye ali chilili."

Kapensulo anawayang'anitsitsa bambo ake. Mayi ake, amene ankapukuta mbale, anasiya kupukuta.

"Mwati munkawaviika m'migolo?" anafunsa Kapensulo.

"M'mawa uliwonse. Ukuganiza kuti nyumba ya mwana wanga ndikanaimanga mwaulesi?"

"Bambo, pepala lija munaliwerenga?"

"Liti?"

"La mizere isanu ndi iwiri lija."

Linapezeka m'thumba la malaya a ntchito, litachapidwa nawo kawiri, litasanduka kampira kolimba. Kapensulo sanafunikire kuliona. Ananena mzere wachisanu ndi chimodzi pamtima. Kenako anafotokoza za kufufuma ndi kubwerera. Anati buloko limodzi limabwerera pang'ono ngati kukhuthala kwa tsitsi limodzi kapena awiri, koma mabuloko makumi awiri ndi asanu akagwirana mumzere umodzi, tsitsi lija limakwana kamtengo ka machesi, ndipo khoma limang'ambika pamene lili lofooka, pangodya za mazenera.

A Levulo anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Mwala kufufuma? Mama, kodi kusukulu kuja munkaphunzira za nyumba kapena za nyemba? Madzi ndi simenti ndi pachibale. Konkire timaithirira masiku asanu ndi awiri kuti ilimbe, si choncho? Lero madzi omwewo asanduka mdani?"

"Kuthirira kumeneko kunachitika kale kwa woumba, bambo. Likauma, lauma. Simulibwezeranso m'madzi."

"Zaka makumi atatu!"

"Za njerwa zootcha, bambo."

Mawu amenewo anawalasa. Anaimirira, tiyi osamaliza.

Kapensulo anakanena zonse kwa injiniya tsiku lomwelo, osabisa kanthu. Injiniyayo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ine ndakumva, ndipo ndikudziwa kuti ndi zimenezo," anatero. "Koma mwini sukulu sakhulupirira iwe kapena ine. Akukhulupirira bambo ako, ndipo mayiyo akuuza aliyense kuti ofesi ino imalemba zinthu zong'ambika. Lachisanu la sabata yamawa ndimuitanira kuno. Bambo ako abwere, anene ndi pakamwa pawo zimene anachita, tigwirizane zokonza. Akatero, dzina la ofesi layera, nawenso wayera. Akapanda kubwera, ine ndilibe pokuimika."

Kunali masiku khumi ndi limodzi kuti Lachisanulo lifike. Kapensulo anawauza bambo ake momveka bwino, kawiri, kuti ntchito yake ili pa lilime lawo.

"Ine sindivomera mlandu umene maso anga sanaone," anayankha a Levulo. "Ukuti mwala umafufuma? Chabwino. Tiufunse mwalawo."

Ndipo anaufunsadi, mwa njira imene ngakhale ine ndimaigomera. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khonde lalitali la simenti, lochokera ku khoma la bafa kukafika ku khoma la khitchini. Anabweretsa mabuloko khumi ndi asanu, n'kuwaviika m'madzi masiku awiri. Kenako anawandanda pakhondepo mutu ndi mutu, opanda matope, kuchokera ku khoma lina mpaka pafupi ndi linzake. Kampata kamene kanatsala kumapeto anakatseka ndi kachitsulo kaphanthiphanthi, kamene anakakhomera ndi hamala mpaka kanagwira nganganga, kosasunthika ngakhale ndi pulayala.

"Ngati akubwerera m'thupi monga ukunenera, kachitsulo aka kadzakhwepa," anatero. "Kakakhwepa, ndidzapita ku ofesi kwanuko chokwawa. Kakapanda kukhwepa, iwe ndi injiniya wako mudzandipepese."

"Bambo, kuuma kwake kumatenga masabata. Lachisanu lifika kasanakhwepe."

"Ndiye Lachisanulo lidikire."

Akazi awo anadandaula kuti khonde lawo loyanikapo zovala lasanduka njanji. Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda, kufunsa ngati a Levulo ayamba kuweta mabuloko. M'mawa uliwonse a Levulo ankagwada pakhondepo, n'kugogoda mzere wonse ndi hamala ndi kathabwa kuti mabuloko akhale ogundana, kenako n'kugwira kachitsulo kaja ndi zala ziwiri n'kukagwedeza. Tsiku lachitatu, nganganga. Tsiku lachisanu, nganganga. Ankadzuka akuimba kamluzu. Koma ndikuuzeni zoona, sikuti ankangofuna kupambana ayi. Chinthucho chinawakoka mtima. Masana ankabwerera kudzakhudza mabulokowo ndi chikhatho, kumva ngati akuzizirabe m'kati. Anayamba kuwagogoda ndi msomali n'kumamvetsera, n'kuzindikira kuti lonyowa limalira mogonthera pamene louma limalira ngwee. Pa zaka zonse zija anali asanamvetserepo buloko.

Lachisanu lija linafika. Kapensulo anasita malaya a bambo ake oyera n'kuwapachika pachitseko. Iye atavala kale, anapeza bambowo atagwada pakhonde. Zala zawo zinali pa kachitsulo kaja, ndipo iye anaona ndi maso ake kuti kanagwedera. Pang'ono zedi, ngati dzino limene langoyamba kumene.

"Bambo, kasuntha."

"Ndi kamchenga kanali kumbuyo kwake, kaphwanyika."

"Bambo, chonde. Ndikupemphani ngati mwana wanu. Tiyeni."

A Levulo sanadzutse mutu. Mumtima mwawo munali nkhondo, ndipo ndikukhulupirira kuti anatsala pang'ono kuimirira. Koma anaganiza zokaima pamaso pa mayi wa sukulu uja, amene anamuuza motsimikiza kuti manja awo salakwa. Anaganiza za antchito awo, amene nkhaniyi ikanawafika dzuwa lisanalowe.

"Uwauze adikire sabata imodzi," anatero. "Sindinatsimikize."

Ku ofesi anaika mipando inayi. Itatu inakhalidwa. Mwini sukulu anayang'ana mpando wopanda munthuwo, n'kuyang'ana Kapensulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye mukuti ndikhulupirire ndani? Wa zaka makumi atatu, kapena wa miyezi isanu? Bambo ake omubereka akumukana, ine ndimuvomere ndine ndani?"

Anatuluka akulankhulabe mpaka pamasitepe. Injiniya anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Pepala lako linali lolondola mzere uliwonse," anatero mofatsa. "Ndaliwerenga katatu. Koma ntchito yathu simathera polemba. Malangizo amene sanalowe m'khutu mwa womanga ali ngati sanalembedwe. Unabweretsa munthu amene sukanatha kumukhazika pansi kuti amve mpaka kumapeto, ndipo unadziwa zimenezo tsiku loyamba lomwe. Ndikumva chisoni, chifukwa mutu uli nawo."

Kapensulo sanatsutse. Anasiya chipewa cholimba cha pasayiti patebulo, anatenga tepi yake ndi kapu yake, n'kutsika masitepe. Analira ali m'basi, nkhope atalozetsa kuzenera. Kunyumba sananene kanthu kwa bambo ake, ndipo iwo sanafunse. Masiku otsatirawo m'nyumbamo munkangomveka masupuni.

Lachinayi la sabata yotsatira, mayi a Kapensulo ankasesa pakhonde paja. Tsache linangokhudza kachitsulo kaja, iko n'kugwa, ngwe-ngwe-ngwe, pasimenti. Kachitsulo kolowa ndi hamala, kutuluka ndi tsache! A Levulo anabwera chothamanga, opanda nsapato. Anagogoda mzere wonse kuti ugundane, n'kubwezera kachitsuloko pamalo pake. Kanalowa kokha, n'kutsalanso mpata. Anaitanitsa bokosi la machesi. Kamtengo kamodzi kanalowa mumpatamo osakhudza mbali.

Anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale, akuyang'ana kamtengoko.

"Mayi a Kapensulo," anatero potsiriza, "mwala umafufumadi."

"Mwana anakuuzani ndi pakamwa," anayankha mayiwo, n'kupitiriza kusesa.

A Levulo anavala malaya oyera aja, amene anali akadali pachitseko, n'kuika kachitsulo ndi kamtengo ka machesi m'thumba. Anayamba kwa mwini sukulu. Anavula chipewa pamaso pa aphunzitsi onse n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, kuti pepala la mwana wawo linaletsa zimene iwo anachita, ndipo kuti adzakonza makoma atatuwo ndi manja awo mmene injiniya angalamulire.

Kenako anakwera masitepe a ku ofesi. Injiniya anawalandira mwaulemu, ndipo atamva za mabuloko a pakhonde, maso ake anawala kuseri kwa magalasi. Anafunsa kuti anali angati, anaviikidwa masiku angati, khondelo limawombedwa ndi dzuwa nthawi yanji. Anayeza kamtengo ka machesiko ndi kachipangizo kake, n'kuwerengera papepala, n'kugwedeza mutu mokondwa.

"Zikugwirizana ndendende ndi za m'mabuku," anatero. "Bambo, mwachita chinthu chimene ambiri a ife tinangowerenga, sitinachionepo ndi maso."

"Ndiye mwana wanga abwere liti?"

Injiniya anaika pensulo pansi. Anangotembenukira kungodya ya chipindacho, ndipo a Levulo anatsata maso ake. Patebulo la pafupi ndi zenera panali munthu wina, wa tayi wofiira, akujambula mwakachetechete.

"Mpandowo ndinapereka Lolemba," anatero injiniya. "Ntchito sizikanadikira. Kalata yomuchitira umboni ndimulembera yabwino, imeneyo ndikulonjeza. Koma Lachisanu lija ndi limene ndinkakufunani."

A Levulo anayenda wapansi mpaka kunyumba, ngakhale mabasi ankawaimira. Anadutsa nyumba zinayi zimene anamanga okha, zonse zili chilili, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaziyang'ane.

Anapeza Kapensulo atanyonyomala pakhonde paja. Pambali pake panali chikwama chachikulu chotseka kale, poti azakhali ake a ku mzinda wina anali atamuitana kuti akayesere mwayi kumeneko. Anali atatenga kamtengo kena ka machesi, akukalowetsa ndi kukatulutsa mumpata uja, mutu atapendeketsa, monga ankachitira ali mwana akapeza chinthu chachilendo.

"Mama," anatero bambowo. "Ndapita konse. Ndanena zonse. Ndalakwa ine."

Kapensulo sanadzuke msanga. Anayendetsa chala pamzere wa mabulokowo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

"Mwayeza bwino, bambo," anatero. "Ine ndemwe sindikanaganiza zoyeza chonchi. Kungoti yankho lake mwalipeza mochedwa ndi masiku asanu ndi limodzi."

Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kunyamula chikwama chake. Bambowo anatambasula dzanja kuti amunyamulire mpaka pokwerera basi, ndipo iye anawalola. Anayenda njira yonseyo, mmisiri wa makoma osang'ambika ali pambuyo, atasenza katundu wa mwana amene anamutsekera okha pakhomo pa ntchito yake yoyamba.

Akuluakulu anaona kale anthu a mtundu umenewu, aluso ndithu, achikondi ndithu, koma osalola kuti mnzawo amalize kulankhula. N'chifukwa chake anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.